Mlandu wa Mayi Amene Anafika pa Nthawi Yake

Mu ufumu wa Dikirani munalibe munthu wochedwa. Mawuwa analembedwa pa chikwangwani cha pamalire, ndipo anali oona, chifukwa nthawi inkakwana pokhapokha Mfumu Yaikulu Sachedwa Wachitatu ikafika pamsonkhano. Anthu ankatha kukhala padzuwa kuyambira m'mawa, ana a kwaya akukomoka mmodzimmodzi, ena opanda ndi chipewa chomwe. Koma galimoto ya Gogo Chalo, monga ankaitchulira mfumuyo, ikangotulukira, wolengeza ankati, "Monga mukuonera, teni koloko yakwana." Anthu n'kuwomba m'manja, ena kuwombera mfumu, ena kuwombera teni koloko imene yapirira ulendo wautali chotero.

Zinthu zinasokonekera atabwera mafoni. Foni ilibe mwambo. Tsiku lina wolengeza atangoti teni koloko yakwana, khamu lonse linaweramira mafoni m'manja, kenako linayang'ana mfumu. Kuweramako mfumu inakuona.

M'mawa mwake bwalo linakhala. Anaitana Dokotala Chingwe, katswiri wa zamakina amene anaphunzira kunja zaka zambiri n'kubwerako ndi mawondo ofewa bwino pogwada.

"Tiuzeni, a Chingwe," inatero mfumu. "Tinthu timeneti timaimva kwa yani nthawi?"

"Timaimva kwa yani nthawi?" anabwereza a Mbwerezeni, Nduna ya Zolengeza, amene ntchito yawo inali yomweyo.

"Gogo Chalo, foni payokha siidziwa kanthu," anatero a Chingwe. "Imafunsa makina otchedwa seva. Sevayo imafunsa ina yoiposa, imeneyonso imafunsa yoiposa, mpaka kukafika ku mawotchi ena a kutsidya kwa nyanja amene safunsa aliyense. Dziko lonse lapansi limayendera amenewo."

"Anawalonga ufumu ndani?"

"Maiko anagwirizana pamsonkhano, Gogo Chalo."

"Ife tinaliko?"

"Tinaitanidwa. Kungoti nthumwi yathu inapeza akupinda mipando."

"Ndiye kuti anayamba msanga," inatero mfumu, bwalo lonse n'kuvomera kuti anthu akunja ulemu alibe.

A Chingwe anafotokozanso kuti masevawo ali m'magulu, loyamba, lachiwiri, lachitatu, kutsika m'munsi, ndipo pamenepa mafumu anatchera khutu, chifukwa zimenezi amazidziwa. Anati seva ikafunsa nthawi imawerengera ndi kamphindi kamene yankho lataya panjira. Anatinso siifunsa mmodzi, imafunsa angapo, ndipo amene wanena zosiyana ndi anzake imamusiya ngati wabodza.

"Ngakhale akhale wamkulu?"

"Siziona ukulu, Gogo Chalo. Zimaona kugwirizana."

"Nanga seva yathu ili gulu liti?"

A Chingwe anayankha motsitsa mawu. "Lachinayi."

Mfumu ina yokalamba inagwetsa ndodo. Gulu lachinayi! Ufumu wonse wa Dikirani, ndi mapiri ake, ndi ng'ombe zake, kumakapempha nthawi ngati nyakwawa yopempha fodya pamaliro.

Lamulo linatuluka dzuwa lisanalowe. Ufumu ugula seva yakeyake, ikhala m'nyumba ya mfumu, ndipo izifunsa mfumu yokha. Mafoni onse azimva kwa iyo. Mawotchi a pakhoma ndi a pamkono akaperekedwe kupolisi. Atambala aloledwa kulira, koma ngati osangalatsa anthu chabe. A Chingwe, poona kuti nkhope ya mfumu sinawalebe, anawonjezera nzeru yawo.

"Gogo Chalo, kodi n'koyenera kuti wamng'ono afike pa teni koloko limodzi ndi wamkulu?"

Palibe anali ataganizapo za chipongwe chimenechi, chimene chinkachitika tsiku ndi tsiku.

Choncho anakonza kuti nthawi izitsika mwaulemu. Ikatuluka kwa mfumu izipita kwa nduna, ikhale pansi, ilandiridwe, ipereke malonje. Ikachoka apo ipite kwa mafumu a ndodo, kenako kwa mabwana a maofesi, kwa magulupu, kwa anyakwawa, mpaka ifike kwa anthu wamba, aliyense monga mwa udindo umene analembetsa pogula nambala ya foni. Mfumu ya m'dera ikapita kumaliro, nthawi iziidikira pakhonde. Kamphindi kotayika panjira kasawerengedwe, chifukwa kuwerengera kotero n'kunena kuti wamkulu anakuchedwetsa. Ndipo kusuzumira nthawi pa foni ya wokuposa unakhala mlandu.

Maseva a maiko ena anaifunsa seva ya Dikirani kangapo, anamva yankho lake, ndipo sanaifunsenso. Wailesi ya ufumu inalengeza kuti dziko lonse lapansi lasowa chonena.

Pamsika wa pageti la chipatala cha Pirirani anthu anazilandira monga amalandirira mvula ya matalala.

"Kwanu ili bwanji, achimwene?" wogulitsa nthochi ankafunsa wokonza nsapato.

"Kuno sikunache. Gulupu wathu ali ku chinkhoswe."

"Ife tadya kale nkhomaliro. Mlamu wanga ndi mesenjala wa kwa Disii."

"Mukafika madzulo mutiuzeko ngati kukugwa mvula, tianule zovala."

Nagama, mayi wogulitsa thobwa pansi pa mtengo wa mkesha, ankati iye zamukomera. Malinga ndi foni yake, thobwa lake linali la lero nthawi zonse.

Koma panali mayi wina amene sankaseka nawo. Dzina lake anali Doliya, wa m'mudzi wa Chatsalira, ndipo anali atangobereka mwana wake woyamba masiku asanakwane. Kamwanako kanali kachimuna, kolemera ngati paketi ya shuga, zala ngati machesi. Kanalibe dzina, poti mchombo unali usanagwe, ndipo kunena zoona Doliya ankaopa kutchula dzina chinthu chimene mphepo ikanatha kutenga. Kankagona m'kabokosi kagalasi kofunda, m'chipinda cha ana osakwana masiku. Amayi ankagona m'chisakasa cha magadiyani, kutsidya kwa msewu, kuseri kwa msika.

Chitseko cha chipindacho chinkatsekulidwa maola atatu alionse, kwa kanthawi kochepa, kuti amayi akafinyire mkaka m'tizikho n'kumwetsa ana. Chitsekocho chinkayendera nthawi ya mkulu wa chipatala, amene anali msuweni wa nduna ina, choncho nthawi yake inali yapafupi ndi kumwamba. Foni ya Doliya inkadikira nthawi idutse kwa gulupu, kwa nyakwawa, ndi kwa mwini mbumba wa ku Chatsalira amene ankakonda kuiwala foni yake m'munda.

Ndiye foni ikati nayini koloko, Doliya ankathamanga ndi kachikho kake, chilonda cha ubereki chikukoka, n'kupeza chitseko chili gwa.

"Nayini koloko inadutsa kale pano, mayi," ankatero a Tsekani, mlonda wa pakhomopo. "Munaphonyana nayo panjira?"

"Ankolo, chonde. Kamphindi kokha. Sanamwe chim'mawire."

"Ine ndikatsekula pa nthawi yanu, ndiye kuti ndanena kuti nthawi ya bwana ndi yabodza. Mukufuna ana anga adye chiyani?"

"Ndiye ndikhale pompano, ndidikire inayo."

"Pano si pa depoti. Lamulo la ukhondo likukana. Tsikani."

Anayesa kuwerengera yekha kuti foni yake imatsalira bwanji, koma kutsalirako kunalibe mutu. Lero pang'ono, mawa theka la tsiku, malinga ndi maliro ndi zinkhoswe za akuluakulu. Tsiku limene mwayi wamugwera n'kulowa, ankaima pa kabokosi kaja n'kumayang'ana kachifuwa kakukwera, kakutsika, kakuima pang'ono, iye mtima n'kuima nawo. Sisitala Mwalilino, namwino wa m'chipindamo, ankawamwetsa madzi a shuga ana amene amayi awo sanafike, shugayo akakhalapo. Tsiku lina anamukokera Doliya pambali.

"Mwana wanuyu akutsika pa sikelo. Akufunika mkaka wanu, osati madzi. Akapitiriza chonchi sindikulonjezani kanthu."

"Asisi, tangondinong'onezani nthawi yotsekulira."

Sisitala anayang'ana kukhomo kumene a Tsekani anaima, n'kuyang'ana pansi. Nayenso anali ndi ana.

Doliya anali munthu wosagona tulo, woyang'ana chilichonse kawiri. Amene munaberekapo mukudziwa kuti mwana akakhala ndi njala thupi la mayi silifunsa chilolezo. Mabere amathina, amabaya ngati muli tisingano, kenako bulauzi yanyowa. Doliya anaona kuti nthawi zonse zikamuchitikira zimenezi, pakangopita kanthawi mayi wina ankatsika kuchokera kuchipatala akulira kuti chitseko achitseka pamaso pake. Anaziona kawiri, katatu, osauza munthu. Kachinayi, ali pa Nagama akumwa thobwa loti mkaka uchuluke, anamva kubaya kuja. Anasiya chikho n'kuliyatsa liwiro.

"Iwe, foni yako waisiya!" anakuwa Nagama.

"Isungeni, mayi! Ikadali m'bandakucha imeneyo!"

Anapeza a Tsekani akungochotsa loko.

Mawa lake amayi onse a m'chisakasa anali atamva. Ankakhala momuzungulira, tizikho m'manja, maso ali pachifuwa pake ngati anthu odikira zotsatira za mayeso.

"Achemwali, zikuti bwanji?"

"Lakumanzere layamba."

"Langanso! Tiyeni!"

Ankadutsa pamsika chigulu, matawulo m'khosi, ogulitsa nthochi akuwapatukira. Ana anayamba kumwa. Sikelo inasiya kutsika.

A Tsekani anapirira masiku angapo, koma mantha anawakulira. Anakanena kwa mkulu wa chipatala, mkuluyo kwa msuweni wake, msuweniyo kwa mfumu: kuli amayi wamba amene akufika pa nthawi yake.

Apolisi anamugwira Doliya pageti, kachikho kali m'manja, n'kupita naye kubwalo.

"Mayi iwe," anayamba a Mbwerezeni, poti pamilandu ankaloledwa kuyamba okha, "ukuimbidwa mlandu wofika pa nthawi yake popanda udindo. Unasuzumira foni ya yani?"

"Ya aliyense ayi, bwana."

"Uli ndi wotchi yobisa?"

"Ndilibe, bwana. Bwana, chonde, ngati n'kotheka mundiweruze tikuyenda. Mwana wanga..."

"Bwalo silithamanga. Nthawi umaitenga kuti?"

Doliya anaweramitsa mutu. Sanafunikenso kuyankha, chifukwa pa bulauzi yake panaoneka madontho awiri amene ankakula anthu akuona. Nduna zinayang'ana kudenga. Mfumu yokalamba ija inayamba kufufuza kanthu pansi pa mpando.

"Gogo Chalo," anatero a Chingwe atagwada, "umboni ukudontha. Imeneyi ndi seva yosalembetsa."

"Ziwiri," anatero wina kumbuyo, ndipo anamutulutsa.

Mfumu inaweramira kutsogolo. Nkhani za magulu inali itazimvetsa bwino tsopano. "Tiuze, mayi. Zimenezo zimafunsa yani?"

"Zimamvera mwana, Gogo Chalo."

"Nanga mwanayo amafunsa yani?"

"Safunsa aliyense. Amangomva njala."

Bwalo linazizira. Mu ufumu wonse wosafunsa aliyense anali mmodzi, ndipo anali atakhala pampando pomwepo.

"Dzina lake ndani woukirayu?" anafunsa a Mbwerezeni.

"Alibe dzina, bwana. Mchombo sunagwe."

Apa mlandu unavuta. Munthu wopanda dzina sungamuitane kubwalo. Wina anati amangidwe, koma anauzidwa kuti ali kale m'bokosi lotseka. Wina anati amangidwe mayiyo, koma nduna ya zaumoyo inakumbutsa bwalo kuti alendo amene anapereka mabokosi agalasiwo akubwera kudzajambula zithunzi, ndipo bokosi lopanda mwana silituluka bwino pa chithunzi. Anakangana mpaka mithunzi inasuntha. Doliya anagwada pomwepo, mkaka ukutsikira m'chitenje, akuwerenga mumtima kuti chitseko chatsekulidwa, chatsekedwa, ndipo kamwana kake kakutsekula kukamwa kopanda mawu.

"Gogo Chalo," analankhula osafunsidwa, "ndipatseni chilango chilichonse. Koma chikhale cha msanga."

Mwina mawu oti msanga ndi amene anaidzidzimutsa mfumu, poti inali isanamvepo munthu akupempha zimenezo pabwalo limenelo. Inakweza dzanja. Mfumu Sachedwa inali ndi mankhwala amodzi a matenda onse a ufumu, ndipo anali asanaikhumudwitsepo.

"Mlandu ndi woti wopanda udindo wanena nthawi. Si choncho?"

"Si choncho?" anatero a Mbwerezeni.

"Ndiye m'patseni udindo. Mukwezeni."

Mwambo wolonga ufumu unachitikira m'chipinda cha ana osakwana masiku. Sisitala Mwalilino anaima pakhomo n'kunena kuti aliyense avule nsapato, asambe m'manja mpaka m'zigongono, ndipo wachifuwa asalowe. Nduna zitatu zinatsala panja zikutsokomola mwaulemu. Ng'oma anazikaniza. Kamwana kaja anakalowetsa dzina la Mfumu ya Ndodo Kamphindi Woyamba, dera lake kuyambira pachitseko mpaka pasinki. Chilemba cha ufumu chinakwana thupi lonse, ndiye anangochiyala pamwamba pa bokosi, Doliya n'kumachikoka pang'onopang'ono kuti chisatseke timabowo ta mpweya. A Mbwerezeni analankhula kwa nthawi yaitali za masomphenya a Gogo Chalo okweza achinyamata. Mfumu yatsopanoyo inagona mwambo wonse, ndipo akuluakulu anati ikuoneka kuti ntchito ikuidziwa.

Popeza mfumu ya ndodo imaposa mkulu wa chipatala, chitseko chinayamba kuyendera kulira kwa Kamphindi. Akangoti ng'ee, a Tsekani ankatsekula chogwada. Doliya ankalowa ngati mayi wa mfumu, amayi ena onse ngati mbumba yoperekeza, ndipo palibe lamulo loletsa mbumba kumwetsako ana awo ili kale m'katimo. Anawapatsanso benchi pakhonde, poti mbumba ya mfumu singakhale kutsidya kwa msewu.

"Wawa, mayi a mfumu," ankatero Nagama pomupatsa thobwa. "Mutikumbukire pa makuponi."

"Musandiseke, mayi. Dzulo anabwera anthu awiri kuti awaweruze mlandu wa malire a munda."

"Anaweruza bwanji?"

"Anabzikula."

"Ndiye kuti onse awiri alipe."

Kamphindi anamwa, anagona, anamwanso. Masaya anatuluka. Timiyendo tija tinayamba kumenya galasi. Tsiku lina Sisitala Mwalilino anamuika pa sikelo, anayang'ana kawiri, n'kumwetulira koyamba chibwerere Doliya.

"Wakwana. Mutha kupita naye kunyumba. Ndipo mupite ndithu, muno mwabwera ana awiri a chifuwa, sindikufuna atengere."

Doliya anali asanamalize kumanga katundu pamene a Mbwerezeni anatulukira, thukuta lili kamukamu.

"Mukupita nayo kuti mfumu?"

"Kwathu, bwana. Atitulutsa."

"Namwino sangatulutse mfumu ya ndodo m'dera lake. Mfumu imachoka pampando ikamwalira basi. Ibwezereni m'bokosi."

"Bwana, sakukwanamonso. Ndipo muno muli chifuwa."

"Tigula bokosi lalikulu. Ili m'ndondomeko ya chaka chamawa."

Doliya anamufungatira mwana wake, maso ali pa mabokosi awiri a pakona mmene munkachokera kakhosomo kouma. Anayang'ana chitseko, anayang'ana a Tsekani, anayang'ana zenera n'kuona kuti lili ndi zitsulo. Kenako anayang'ana pa benchi, pamene amayi anzake anakhala ndi tizikho tawo.

Ku Dikirani, monga kwina konse kumene ufumu umayenda ndi bere, amene amasankha mfumu ndi amayi a mbumba. Amuna amangovina ndi kulankhula. Lamulo limeneli palibe analifafaniza, chifukwa palibe ankakumbukira kuti liliko. Ndipo amene amasankha amathanso kuvula.

Amayiwo anakhala pansi pakhonde pomwepo, miyendo tambalale, Nagama ali pakati ngati wamkulu woitanidwa. Sanachedwe.

"Bwana Nduna," anatero Nagama, "mbumba yakambirana. Mfumu Kamphindi tayivula ufumu."

"Pa chifukwa chanji? Pamafunika chifukwa chomveka!"

"Chilipo. Yanenepa ili pampando."

"Inalowa ili ngati chala," anawonjezera mayi wina. "Taonani masayawo. Ntchito yake kudya ndi kugona, anthu ake tikugona pa benchi."

"Sikelo ilipo ngati mukufuna umboni," anatero wachitatu. "Tingathenso kuibweretsa kubwalo, kuti ena onse..."

"Ayi, ayi, ayi," anatero a Mbwerezeni, ndipo aka kanali koyamba kubwereza mawu awoawo. Anakokera jekete kutsogolo kuti litseke mimba, koma mabatani anakana. Anayang'ana uku ndi uku ngati pali wa wailesi. "Za sikelo zithere pompano. Tinene kuti mfumu yapuma payokha, pofuna kupereka mpata kwa ena. Koma mpando sungakhale wopanda munthu."

"Tasankha kale," anatero Nagama. "Kamtsikana kali pabokosi lachiwiri. Ndi kochepetsetsa muno, ndipo kamalira pafupipafupi."

Mayi wa kamtsikanako anabisa nkhope m'chitenje n'kuyamba kulira, anzake akululutira chapansipansi kuti asadzutse ana. Sisitala anasuntha chilemba n'kuchiika pa bokosi lachiwiri. A Tsekani anagwadira kumeneko.

Doliya anatuluka pageti dzuwa lili pamutu, mwana ali pachifuwa m'kati mwa bulauzi, atamukulunga nsalu ziwiri ndi kachipewa ka ulusi. Amsika anaimirira m'mbali mwa njira. Wokonza nsapato anavula chipewa.

"Taonani, anthuni," anatero. "Chiyambire ufumu uno, iyi ndi mfumu yoyamba kuchoka pampando ikupuma."

"Ndipo sinapite kukhoti," anatero wa nthochi.

Mawu oti ikupuma anamulowa pena Doliya. Anaima pakati pa msewu, minibasi ikumuimbira huta, anatsekula nsalu pang'ono n'kuika chala pansi pa kamphuno kaja. Anadikira. Kampweya kofunda kanamukhudza chala.

"Tiye kwathu, iwe munthu wamba," ananong'ona, n'kuwoloka.